Tsiku Limene Ndinapha Mlamu Wanga pa Foni

Nkhani iyi ndatopa nayo kuibisa, ndipo kubisako sikunandithandize. Kuyambira kwathu kuno ku Milepa mpaka cha ku Nguludi aliyense amaifotokoza mmene akufunira. Ena akuti kunabwera apolisi. Apolisi sanabwere. Zinazo n'zoona.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsika. Ndinenso mkamwini, ndipo pamudzi wa akazi anga ndakhalapo zaka zoposa makumi awiri. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa kuti munda si wako, mtengo wa mango si wako, ngakhale nkhuku imene unagula wekha anthu amati ndi ya kwa apongozi ako. Changachanga chimene ndinali nacho pamudzipo chinali Chingerezi. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ku Limbe kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ponyamula mafayilo ndinkatolanso mawu. Nditabwerera kumudzi, anthu anayamba kundibweretsera makalata, mapepala a kuchipatala, ngakhale mabotolo a mankhwala a mbewu kuti ndiwawerengere. Ndinkavala magalasi, n'kutsokomola pang'ono, n'kuwerenga. (Magalasiwo ndinagula pamsika, sawonjezera chilichonse, koma amapatsa ulemu.)

Mng'ono wa akazi anga dzina lake ndi Esinati. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, anatumiza chithunzi chimodzi atavala jekete, kenako zii. Anamusiyira ana atatu. Ngati pali munthu wolimbikira ntchito padziko pano ndi mlamu wangayu. Amalima yekha, amakazinga mandasi, ndipo kukakhala chinkhoswe kapena ukwati m'midzi yozungulira, amene amaitanidwa kukayang'anira mapoto ndi iyeyo.

Chaka chathachi tinamva kuti Mayi Kalitera akufuna munthu wophika. Mayiwa ndi namwino wopuma ntchito, anakhala zaka zambiri ku Mangalande, ndipo atabwerako anatsegula malo osamalira ana amasiye cha ku Nguludi. Wofuna ntchitoyo anayenera kubweretsa kalata ya Chingerezi yochokera kwa munthu womudziwa bwino, chifukwa anzawo a kunja amene amathandiza malowo amafuna kuwerenga mapepala onse. Esinati anabwera pakhonde panga, anagwada pambali pa makina, n'kundipempha kuti ndimulembere. Ndinamuuza kuti asadandaule, wafika kwa mwini wake.

Kalatayo ndinailemba masiku awiri. Ndinkafuna kuti mayi aja akaiwerenga adziwe kuti ku Milepa kulinso anthu.

Poyamba ndinalemba kuti “She works hard,” kutanthauza kuti amalimbikira ntchito. Nditayang'ana ndinaona kuti chiganizocho chikuoneka chosavala, ngati cha mwana wa Sitandade 4. Ku ofesi kuja ndinali nditaona kuti mawu a Chingerezi akamera kamchira ka “ly” amaoneka ophunzira: “quick” amasanduka “quickly”, “slow” amasanduka “slowly”. Ndiye “hard” akanalephera bwanji? Ndinafufuta, n'kulemba mwaluso kuti “She hardly works.” Ndinadula mzere kunsi kwake kuti asaphonye.

Kenako ndinafuna kunena kuti ndi wotchuka pa kuphika. Mawu akuti “famous” ndinkawadziwa, koma ndinaona kuti ndi a oimba ndi osewera mpira. Pa wailesi, m'nkhani za Chingerezi, ndinkamva mawu ena olemera, “notorious”, ndipo anthu amene ankatchulidwa choncho ankakhala odziwika boma lonse. (Sindinadzifunsepo chifukwa chake nthawi zonse nkhani zawo zinkathera kukhoti.) Ndinalemba kuti “She is notorious for her cooking in the whole area.”

Nditamaliza ndinawerengera akazi anga ndi Esinati, ndikumasulira m'Chinyanja zimene ndinkaganiza kuti ndalemba. Esinati anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati chibadwire palibe munthu anamuyamikirapo chonchi. M'mawa mwake anandibweretsera mandasi asanu otentha, ndipo ndinadya onse, mtima uli mbee.

Patatha sabata, foni yanga inalira ndili mkati mopinda thalauza. Anali Mayi Kalitera. Anandipatsa moni m'Chinyanja chabwinobwino, koma ine ndinayankha m'Chingerezi, ndipo iwonso anangotsatira. Ndikanangoyankha m'chinenero cha amayi anga, nkhani yonseyi ikanathera pomwepo.

Anandifunsa ngati ine ndi mlamu wanga tinayambanapo. Ndinati ayi, timagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Anafunsanso ngati zimene ndinalembazo ndinalemba ndikudziwa. Ndinati mawu alionse ndinawasankha ndekha, ndipo ndamuona ndi maso anga kwa zaka zambiri, tsiku ndi tsiku, “hardly working”. Pofuna kuthira mchere ndinawonjezera kuti amene anadyapo chakudya chake samuiwala, ena mpaka lero amachikambabe.

Kenako mayi aja anati chiyambire sanalandirepo kalata yosabisa mawu ngati imeneyi, ndipo akufuna adzamuone yekha mzimayi ameneyu. Anati ofuna ntchito atsala awiri, onse afike Lachiwiri 9 koloko m'mawa, ndipo wochedwa asadzavutike kugogoda, chifukwa ana amamwa phala 10 koloko ndipo njala ya mwana sidikira munthu. Nditadula foni ndinauza onse a pakhonde paja kuti kalata yanga yagwedeza munthu wa ku Mangalande.

Lachiwiri lija kunacha ndi mvula yowaza. Esinati ankafuna kukwera kabaza, koma ine ndinakana. Ndinati ndimunyamula panjinga yanga, kuti mayi aja akaonenso nkhope ya mlembi wa kalata. Tinanyamuka kukucha, iye atavala chitenje chake chatsopano, foni yake atasiyira ana. Tinayenda bwino mpaka potsetsereka popita kumtsinje. Pamenepo tcheni chinaduka, mabuleki anakana (anali atayamba kale kukana chaka chinacho), ndipo tinakathera m'matope a m'mbali mwa madzi, njinga pamwamba, ife pansi.

Palibe anavulala. Koma Esinati anali matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo anati sangakaonekere kwa bwana ali choncho. Anatsikira kumadzi kukachapa chitenje, ine n'kuyang'ana nthawi. Inali itadutsa 8 koloko. Mayunitsi oimbira ndinalibe, ndinali ndi a uthenga okha. Ndinakhala pamwala, n'kupukuta chala, n'kulemba:

“Madam, sorry for the late Esinati. It happened at the river this morning. I am bringing her on the bicycle.”

M'mutu mwanga ndinali nditanena kuti pepani, Esinati wachedwa, vuto lachitikira kumtsinje, koma tikubwera. Kamawu ka “the” ndinakaika kuti chiganizo chikhale chaulemu. Nditatumiza ndinazimitsa foni kuopa mvula, n'kuikulunga m'jumbo, n'kuiika pansi penipeni pa thumba.

Tinakankha njinga mtunda wautali tisanapeze wokonza. Wokonzayo anali asanamwe tiyi, ndipo anatiuza kuti tcheni sichilumikizidwa ndi munthu wanjala. Pamene tinkafika pageti la Mayi Kalitera, 11 koloko inali itadutsa.

Mlonda wa pamalopo, a Sikelo, ndi munthu wa m'mudzi mwathu momwemo. Atationa anaimirira, anavula chipewa, anayang'ana Esinati, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kukhala pansi m'matope momwemo. Esinati anawapatsa moni. Iwo anangoyang'ana mapazi ake ngati akufuna kuona ngati akuponda pansi.

“Kodi ndinu amene, mayi a Tadala?” anafunsa chapansipansi.

Pabwalo panali pataima galimoto yapikapu, kumbuyo kwake atayala mphasa ndi bulangete. Ndinaganiza kuti mwina pali mwana wodwala.

Mayi Kalitera anatuluka mu ofesi maso ali ofiira. Ndi mayi wamfupi, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anafunsa Esinati dzina lake, ndipo atamva anagwira chitseko. Kenako anatilowetsa, anatikhazika pabenchi, anatulutsa kalata yanga ija ndi foni yawo n'kuziika patebulo ngati katundu wogwidwa naye wakuba. Ulendo uno analankhula Chinyanja, ndipo anandiuza kuti nanenso ndisayerekeze kuyankha m'chinenero china.

Anati atalandira uthenga wanga anandiimbira kambirimbiri, foni yosapezeka. Anasonkhanitsa ana n'kupempherera mzimu wa mzimayi amene wafera panjira akubwera kudzawaphikira. Anapempha galimoto ija kwa mnzawo kuti mtembo usayendenso panjinga. Ndipo popeza ana anayenera kudya, ntchito anaipereka kwa mzimayi winayo, amene tinkamumva akukokota mphika kukhitchini.

Kenako sukulu inayamba. Anati munthu akachedwa umanena kuti “she will be late”, koma ukaika “the late” kutsogolo kwa dzina lake, wanena kuti malemu. Ndinayesa kudziteteza kuti kamawu ka “the” ndi kakang'ono kwambiri. Anati inde, n'kakang'ono, koma lero kayendetsa galimoto.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma anatambasula kalata ija. Anati “works hard” ndiye kulimbikira ntchito, pamene “hardly works” ndi munthu amene ntchito amangoiyang'ana, kugwira kwake n'kwa apo ndi apo. Esinati anatembenuka pang'onopang'ono.

“Alamu, ndiye munalemba kuti ndine waulesi?”

“Osati waulesi ndendende…”

“Ndendende,” anatero Mayi Kalitera. “Anadulanso mzere kunsi.”

Za “notorious” anati ndi kutchuka ndithu, koma kutchuka kwa mbava ndi zigawenga. “Famous” ndi amene anthu amamuthamangira, “notorious” ndi amene anthu amamuthawa. Anati atawerenga kalatayo, n'kumvanso pa foni kuti odya chakudya chake samuiwala, anaganiza kuti mwina anatsegulitsapo m'mimba mudzi wonse paukwati. Anamuitana chifukwa ankakayikira kuti pali nkhani ya m'banja, mwina ine ndikufuna kumulanda munda.

Ndinavula magalasi n'kuwaika m'thumba. Esinati sanalire. Anangofunsa ngati ntchito yapitadi, ndipo mayi aja anati pepani mwanawe, mawu anga ndapereka kale kwa mnzako, nayenso ali ndi ana. Anatipatsa tiyi. Ine ndinamwa, chifukwa manja anga ankasowa chochita.

Tikutuluka, a Sikelo anatiimitsa pageti akukanda kumutu. Anati atangomva za uthenga uja anaimbira akazi awo kumudzi kuti akadziwitse apongozi anga. Tsopano akuyesa kuimbanso kuti abweze mawuwo, koma foni ikungolira, zikuoneka kuti akazi awo anaisiya m'nyumba pothamangira kumaliro. Ndinayatsa yanga. Inaonetsa kuti akazi anga anaimba kosawerengeka, kenako batire inatha ndikuyang'ana.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Esinati anakana kukwera njinga. Anayenda patsogolo, ine pambuyo ndikukankha, mvula ikutiwaza. Ndinayesa kamodzi kumufotokozera kuti Chingerezi n'chovuta ngakhale kwa eni ake. Sanacheuke. Patsogolo pake anaimitsa kabaza, koma wakabazayo anali wa kwathu ndipo uthenga anali ataumva kale, ndiye anangotembenuza njinga n'kupalasa osayang'ana m'mbuyo. Zitatero anavomera kukwera yanga, koma anakhala chammbali, osandigwira ngakhale malaya.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pamphambano yolowera kwathu anali ataika kale masamba pamsewu. Pansi pa mtengo wa mango panali patakhala azibambo, chimanga chinali chitapita kale kuchigayo n'kubwerako, ndipo m'nyumba mwa apongozi anga munkamveka kulira kwa azimayi. Anthu atationa, nyimbo inaduka pakati. Ena anaimirira, ena anakwawira kuseri kwa nkhokwe.

Apa pokha sindiseka ndikamakumbukira. Tadala, mwana wamkulu wa Esinati, anali atakhala pakhonde atafungatira azing'ono ake awiri, maso atatupa. Ataona amayi ake sanathamange. Anaimirira, anayenda pang'onopang'ono, anawagwira dzanja, n'kuligwiranso, kenako anakwirira nkhope m'chitenje chonyowa chija. Tsiku lonse mwana ameneyu ankadziwa kuti watsala yekha ndi ana awiri. Zimenezo ndinachita ndine, ndi chala changa, nditakhala pamwala.

Apongozi anga anakomoka, anawathira madzi, anatsitsimuka, anayang'ana mwana wawo, n'kukomokanso. Akazi anga anangondiyang'ana mmene amayang'anira nkhuku imene yalowa m'lichero la ufa.

Zinthu zitakhazikika, a Mpulula, amalume awo a akazi anga, amene ndi mwinimbumba, anandiitana pakati pa bwalo. Anati anthu asiya minda yawo, adzukulu apita kale kukaona malo kumanda, ena achokera kutali ku Nchema wapansi, ndiye n'koyenera kuti amene wabweretsa malirowa awachotse yekha. Ndinaimirira pamaso pa khamu lonse lija, matope ali m'makutu, n'kuyamba kuphunzitsa kusiyana kwa “late” ndi “the late”. Ndinafotokoza kawiri. Mkulu wina wa mpingo anakweza dzanja n'kufunsa ngati Azungu amaona kuti munthu akachedwa ndi chimodzimodzi wafa. Ndinati ayi. Anafunsa chifukwa chake nanga amagwiritsa ntchito mawu amodzi. Ndinati sindikudziwa. Aka kanali koyamba anthu a m'mudzi muno kundimva ndikunena mawu amenewa, ndipo ndinaona ena akugwedeza mitu ngati alandira mphatso.

A Mpulula anamaliza ndi kunena kuti safunsa anadya phula, koma uyu wadyetsa mudzi wonse.

Anthu sakanabwerera ndi njala, ufa unali utagayidwa kale, nkhuni zitatoledwa. Esinati anasintha zovala, anamanga chitenje m'chiuno, n'kupita kumafuwa kukaphikira anthu obwera pamaliro ake. Ndinamva azimayi akunong'onezana kuti sanadyepo nyemba zokoma chonchi pamaliro, n'zachisoni kuti mwini maliro saphika kawirikawiri. Ine mbale yanga inafika pomalizira, muli msuzi wokhawokha.

Miyezi itatu yotsatira Esinati sanandilankhule. Akafuna khasu ankatuma mkulu wake, ngakhale ine nditakhala pompo khasulo lili pamapazi panga. Anapitiriza kukazinga mandasi, ndipo ndinkamuona akudutsa pamsika beseni lili pamutu, akulambalala khonde langa. Makalata anasiya kubwera. Munthu mmodzi yekha anabwera ndi botolo la mankhwala a mbuzi, koma nditayamba kuwerenga anandilanda, akuti akafunsenso kwa aphunzitsi, mbuzi ili ndi bere. Pamsika ana ankati akandiona amayang'ana padzanja ngati pali wotchi, n'kumauzana kuti tifulumire, tingafe. Kunyumba akazi anga anaika lamulo lakuti Chingerezi chizithera pachitseko, pamodzi ndi nsapato.

Mvula itatha, Mayi Kalitera anatuma a Sikelo kudzanena kuti ana achuluka, wophika mmodzi sakukwanitsa, Esinati akayambe Lolemba. Uthengawo unali ndi mchira wake: asabweretse kalata ina iliyonse, ndipo asaperekezedwe. Anayamba ntchito, ndipo mpaka lero ali komweko. Loweruka lina akuchokera kuntchito anaima pakhonde panga, anaika diresi la Tadala pamakina, n'kunena kuti, “Alamu, mufupikitse pang'ono. Pang'ono m'Chinyanja.” Ndinadziwa kuti mlandu watha.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma mtima wanga unkandivuta kuti mayi aja sindinawathokoze, komanso (ndivomere) ndinkafuna adziwe kuti ndasintha. Ndinali nditagula dikishonale yakale pa kaunjika wa mabuku ku Limbe, kungoti inali yothothoka masamba oyambirira, inkayambira pa chilembo C. Mawu amene ndinkafuna anali a ku A. Achinyamata ndimawamva akunena kuti “awesome” akaona chinthu chogometsa. Ndinakhala pansi n'kuganiza mofatsa. “Some” ndi pang'ono chabe, pamene “full” ndi chodzaza. Mayi amene anakhululukira banja lathu chonchi sangapatsidwe ulemu wapang'ono, ndiye ndinachotsa “some” n'kuikapo “full”. Ndinalemba kuti, “Thank you madam. You are an awful woman.” Ndinawerenga kawiri, ndinaonetsetsa kuti mulibe “the”, n'kutumiza.

Yankho linabwera tsiku lomwelo, m'Chinyanja. Linati: “Zikomo abambo. Kalasi ya ana imayamba 8 koloko. Mubwere ndi kope ndi pensulo.”

Tanthauzo la mawu aja ndinakafunsa kwa aphunzitsi, ndipo sindikufuna kulibwereza pano. Kope ndinagula, pensulo ndinasongola, koma kupita sindinapitebe. Timipando ta ana aja n'tating'ono kwa munthu wa msana ngati wanga, ndiponso wogawa phala kumeneko ndi Esinati.